Kodi Bokosi la a Phiri Linapepuka Bwanji?

Pali nyimbo ina yakale imene akulu ambiri a kuno ku Nsadzo amaidziwa. Dzina lake ndi "A Phiri Anabwera". Anaiimba Nashil Pichen Kazembe, woimba wa ku Zambia amene anakhala zaka zambiri mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, akuimba pamodzi ndi mnzake Peter Tsotsi Juma. Nyimboyi inachuka m'zaka za m'ma 1970. Kuno inafika pa wailesi, pakuti mau a wailesi safunsidwa ciphaso pa malire a Cassacatiza. Mwini wake anamwalira mu 1991, koma nyimbo ikali kumveka pa mowa, pa ukwati ndi m'matelefoni a acinyamata.

M'phunziro lino tifuna kuipeta nyimboyi monga mmene amai amapetera mphale. Tione cimene cili cabwino, tionenso gaga. Inu makolo athu munaimva nyimboyi ife tisanabadwe. Conco sitikuphunzitsani nyimbo ai. Tikungopempha kuti tiimverenso pamodzi, pang'onopang'ono, monga mmene timawerengera mau pa bolodi.

Nkhani ya m'nyimbo

Nkhani yake ndi yaifupi. Munthu wina, a Phiri, anacoka kumudzi kupita kutali kukafuna nchito. Anakhala kumeneko zaka zambiri osabwera. Anthu otere timati machona. Tsiku lina anabwerera kwao atanyamula bokosi la zovala, koma m'bokosimo munalibe cuma. Atafika anapeza kuti abale amene anawasiya anatha kumwalira. Anasowa pogwira.

Ndi yomweyo nkhani yonse. Mwana angathe kuifotokoza. Koma nkhani yaifupi imeneyi yakhala zaka zoposa 40 osaiwalika. Tiyenera kufunsa cifukwa cake.

Zimene woimba anacita bwino

Coyamba ndi dzina. Woimba sanasankhe dzina lacilendo. Anasankha Phiri, mfunda waukulu wa Acewa. Ku Chifunde kuli a Phiri, ku Katete kuli a Phiri, ku Mchinji kuli a Phiri. Womva aliyense amaganiza kuti akunena amalume ake. Ndiponso sanati "Phiri" cabe, anati "a Phiri". Munthuyo wabwera cimanjamanja, koma ulemu wake sanamlande.

Caciwiri ndi bokosi. Woimba sanacite kutiwerengera mavuto 10 kapena 20. Anationetsa cinthu cimodzi cimene tonse timacidziwa. Munthu akabwera kucoka ku ulendo, ana amathamanga kukamlandira katundu. Mwana amene wasenza bokosi ndiye amayamba kudziwa zoona, cifukwa mutu wake umamva kulemera kapena kupepuka. Madzulo abale amasonkhana, maso onse ali pa bokosilo. Amayembekeza bulangete, nsalu, sopo, mcere, kapena wailesi. Bokosi lopepuka limanena zonse mwini wake asanatsegule pakamwa.

Cacitatu ndi maimbidwe. Mau ndi acisoni, koma gitala akulira mokoma, moti miyendo imafuna kuvina. Ena amati kumeneku ndi kulakwa, nkhani ya maliro siyenera kuvinidwa. Ife sitikuvomereza. Kwathu kuno cisoni ndi gule zimayendera pamodzi. Pa maliro a mkulu pamabwera Gule Wamkulu. Amai amasinja pamtondo akuimba madandaulo ao. Nyimboyi ikadakhala yolira yokhayokha, anthu akadaimva kamodzi n'kutseka wailesi. Cifukwa ca kukoma kwake, inalowa m'nyumba zonse, ndipo cenjezo lake linalowa nayo.

Cenjezolo ndi loona. Munthu amene wapita kutali asaiwale kwao. Atumize mau, atumize kangacepe, abwere kudzaona makolo akali moyo. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Pamenepa nyimbo yalasa.

Pamene nyimbo ikuperewera

Koma nyimboyi imatiimika pa tsiku limodzi, tsiku lofika. Zaka zonse za nchito zili kumbuyo, mumdima. Cifukwa ca ici, ife omvera timadzaza tokha malo otsalawo, ndipo timadzaza ndi mlandu. Timati a Phiri anamwera mowa ndalama zao. Timati anathera akazi a m'tauni. Lero dzina la nyimboyi lasanduka cipongwe. Mnyamata akabwera kucoka ku Tete kapena ku Joni wopanda kanthu, anzake amamuimbira pa msika, anthu n'kumaseka.

Alipo ndithu amene anamwera mowa malipiro ao. Sitikuwaikira kumbuyo. Koma bokosi limapepuka m'njira zambiri, ndipo tisanaseke tiyenera kuzidziwa.

Tiyambe ndi cimene cinawacotsa a Phiri pamudzi. M'nthawi ya Apwitikizi mwamuna aliyense anayenera kupereka msonkho wa ndalama. Wolephera ankagwidwa kupita ku cibalo, nchito yokakamiza. Mu 1913 boma la Apwitikizi linapangana ndi boma la Southern Rhodesia kuti amuna a m'cigawo ca Tete azilembedwa kukagwira nchito kumeneko. Ambiri anapitanso okha, pansi, kudutsa Zambezi, kuthawa cibalo. Anakagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Malipiro anali ocepa, ndipo mbali ina inkathera m'sitolo ya pa komboni. Munthu ankati caka camawa ndidzapita kwathu ndikapeza bulangete ndi njinga. Caka cimafika, ndalama sizikwana, manyazi amamgwira. Umu ndi mmene ambiri anachonera. Sanaiwale kwao. Anaopa kufika ndi bokosi lopepuka, ndipo mantha omwewo anawacedwetsa mpaka makolo anatha.

Njira yaciwiri ndi kuvulala. Nchito ya m'mgodi inkadya anthu. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, kumene lero kumachedwa Hwange, unaphulika. Anafa anthu 427, ndipo pakati pao panali a ku Mozambique, a ku Zambia ndi a ku Malawi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Anafa amuna 74 a ku Malawi amene anali pa ulendo wobwerera kwao atatsiriza nchito. Awa sanafike n'komwe. Ena anafika, koma opanda zala, opanda diso, kapena akutsimphina. Ena anafika akuoneka amphumphu, koma fumbi la miyala litalowa kale m'mapapo. Fumbi limeneli limaumitsa mapapo pang'onopang'ono. Matenda ake amaonekera patapita zaka, ndipo amatsegulira njira cifuwa cacikulu ca TB. Munthu wotere akalephera kugwira khasu, anthu amati ndi waulesi wa m'tauni.

Njira yacitatu ndi ndalama zimene zimafera m'manja. Ku Zimbabwe mu 2008 mitengo ya zinthu inkakwera tsiku ndi tsiku, mpaka mu 2009 dziko linasiya kugwiritsa nchito ndalama yake. Nkhalamba zambiri zocokera kuno ndi ku Malawi zinali zitasunga ndalama zaka zambiri. Zonse zinasanduka mapepala. Anthu amenewa sanamwe mowa. Anasunga monga mmene timalangizirana, koma bokosi linapepuka ndithu.

Nyimbo ya mphindi zocepa singanyamule zonsezi. Sitikumuimba mlandu woimba kuti sanalembe buku la mbiri. Koma tikunena kuti cithunzi cake ndi ca mbali imodzi, ndipo amene amacigwiritsa nchito poseka mnzake akuonjeza bodza pa coonadi.

Pamene tonse tinali a Phiri

Inu akuluakulu mukukumbukira nkhondo. Anthu ambiri a m'boma la Chifunde anathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Ena anakakhala ku Ukwimi, kumene nthawi imeneyo kunali m'boma la Petauke. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zotsatira anthu anayamba kubwerera. Kodi anabwera ndi ciani? Mphika, khasu, bulangete, ndi ana obadwira kucilendo. Anapeza minda itasanduka chire, ng'ombe zitatha, abale ena ali kumanda. M'njira zina munali mabomba okwirira, amene anadula anthu miyendo nkhondo itatha kale. Dziko lathu linalengeza kuti latsiriza kucotsa mabomba onse odziwika mu 2015.

Masiku amenewo mudzi wonse unali a Phiri. Panalibe woseka mnzake. Anthu anabwerekana makasu, anagawana mbeu, anamangirana nyumba. Amene anaimva nyimboyi m'zaka zimenezo anaimva ndi makutu ena. Ife tikuti makutu amenewo ndiwo oyenera. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

A Phiri a lero sapita kutali

Lero munthu angathe kukhala a Phiri osacoka pamudzi. Tiyerekeze bambo amene wagwa pa njinga yamoto, kapena wagweredwa ndi dothi pokumba golide, kapena wadzitema ndi nkhwangwa podula mitengo ya cigafa. Wathyoka mwendo mu Novembala, mvula ili pafupi.

Fupa la munthu wamkulu limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo mphamvu ya mwendo imabwera pambuyo pake. Tiwerenge pa kalendala. Masabata amenewo ndi nthawi yobzala, yookera fodya ndi yopalira. Mvula siyembekeza wodwala. Udzu suyembekeza wodwala. Ngati anatenga mbeu ndi feteleza pa ngongole, ngongoleyo idzadulidwa pa tsiku logulitsa, kaya anadwala kaya sanadwale. Conco bala la tsiku limodzi limadya zokolola za caka cathunthu.

Palinso ndalama zimene zimatuluka. Pali ya galimoto yopita ku cipatala ndi yobwerera. Pali cakudya ca womdikirira. Pali yolipira aganyu kuti munda usagone. Banja limagulitsa mbuzi, kenako njinga, kenako cimanga ca m'nkhokwe. Pogulitsa mofulumira mtengo umakhala wa wogula. Ndipo ife a m'malire timagwira ndalama za mitundu itatu: metikali, kwaca ya Zambia ndi kwaca ya Malawi. Amene sadziwa kuwerengera amaluza pa kusintha kulikonse.

Bambo uja akadzaimirira mu Febuluwale, bokosi lake lidzakhala lopepuka ngati la a Phiri. Kodi tidzamuimbira nyimbo?

Makolo athu anali ndi yankho. Ankaitana dima. Anthu ankabwera ndi makasu ao, kulima munda wa mnzao tsiku limodzi, n'kumwa thobwa kapena mowa pamodzi. Lero zinthu zambiri zasanduka za ndalama, ndipo dima likucepa. Koma mutu umodzi susenza denga. Kalasi ya anthu 20 ingathe kupalira munda wa mnzao wovulala m'mawa umodzi. Magulu a cilimba angathe kupatula kandalama kocepa ka ngozi, kolembedwa m'kope, kuti wovulala asagulitse mbuzi yake yotsiriza.

Masiku ocira

Pali cinthu cina cimene nyimboyi siitifikitsako. Imathera pa kusowa pogwira. Koma moyo suthera pamenepo. Kumaca, ndipo munthu amayenera kudya, kusamba ndi kuceza ndi anthu.

Amene anagonapo miyezi ndi bala amadziwa kuti ululu waukulu si wa fupa lokha. Ndi kukhala pakhonde m'mawa, kuona anzako akupita kumunda, mudzi wonse uli zii. Ndi kupempha mwana kuti akupatse madzi. Ndi kumva akazi ako akuwerenga ndalama usiku, akuganiza kuti wagona. Maganizo otere amafooketsa munthu, ndipo ena amathawira ku kacasu.

Apa ndi pamene tinthu timene timati n'tosewera timakhala mankhwala. Nsolo pansi pa mtengo imabweretsa anzako pafupi, ndipo imanola mutu, pakuti wosewera amawerenga njere ndi maenje asanasunthe dzanja. Kuluka mphasa, malicero ndi madengu kumafuna manja, sikufuna miyendo, ndipo kumabweretsa ya mcere ndi sopo. Kuweta nkhunda, kusema mipini, kukonza njinga ndi mawailesi, kupanga banjo ya cigubu ndi kuiimba madzulo, zonsezi zimamuuza munthu kuti akali ndi nchito pa dziko. Kuphunzira kuwerenga kulinso m'gulu lomweli. Wovulala ali ndi nthawi imene anzake alibe. Kalasi ingathe kusamukira pakhonde pake tsiku limodzi pa sabata.

Koma tisiyanitse masewera ndi njuga. Nsolo ya ulemu imatha ndi kuseka. Makhadi a ndalama ndi kubecha mpira pa telefoni zimatha ndi kulira. Munthu amene wataya zokolola amakopeka msanga, cifukwa amafuna kubweza zonse tsiku limodzi. Njira imeneyo imapepula bokosi kuposa bala.

Tinenenso za thupi. Fupa lothyoka lipite ku cipatala msanga, lisanagwirane mokhota. Bala lakuya la khasu, msomali kapena nkhwangwa lingabweretse kafumbata, ndipo ku cipatala kuli katemera wake. Akacotsa cikhakha, mwendo umakhala woonda ndi wouma. Ucite zolimbitsa zimene a cipatala akuonetsa, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Kuthamangira khasu nthawi isanakwane kumabweza munthu pamphasa.

Amene sanaimbidwe

Mwini nkhani m'nyimboyi ndi mwamuna amene anapita. Koma pa mwamuna aliyense wochona panali mai amene anatsala. Iye ndiye analima, analera ana, anadwazika okalamba, ndi kuwaika m'manda. Leronso bambo akavulala, mai ndiye amasenza munda, mtondo, madzi ndi wodwala yemwe. Mai akavulala, kawirikawiri amadzuka asanacire, cifukwa palibe womphikira. Nkhani ya amai amenewa ili m'nyimbo za pamtondo, zimene sizinajambulidwe kwambiri ndipo sizimveka pa wailesi kawirikawiri. Amai a m'kalasi muno amazidziwa. Zikuyenera kulembedwa, ndipo tsopano olemba ake ndinu.

Pepala m'bokosi

Bokosi lingakhale lopanda zovala koma lili ndi cinthu ca mtengo: pepala. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza pangano lakuti makampani 6 a migodi ya golide apereke marandi 5 biliyoni kwa anthu amene anadwala matenda a fumbi ndi TB cifukwa ca nchito. Panakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust kuti lipereke ndalamazo. Pangano likukhudza amene anagwira m'migodi imeneyo pakati pa 1965 ndi 2019, ngakhale ocokera kunja kwa South Africa, ndiponso mabanja a amene anamwalira. Kulembetsa n'kwaulere. Koma pamafunika umboni wakuti munthuyo anagwiradi nchito kumeneko. Amene anasunga khadi la ku mgodi ndi nambala yake ali ndi poyambira. Amene anapicirira fodya pepala lake, cifukwa sanadziwe cimene linanena, ali ndi ulendo wautali.

Phunziro lake likutikhudza tonse. Pepala la ngongole ya feteleza, risiti ya sikelo pogulitsa fodya, khadi la ku cipatala, pangano la ganyu, zonsezi zisungidwe pouma, ndipo mwini wake adziwe kuziwerenga yekha. Cala ca inki cimavomereza zimene maso sanaone.

Maganizo athu pa nyimboyi

Nyimboyi ndi yabwino, ndipo iyenera kukhalabe. Ndi mau ocepa inagwira cinthu cimene mabanja a Tete, a kum'mawa kwa Zambia ndi a Malawi anakhala naco zaka zambiri. Cenjezo lake kwa wopita ndi loona lero monga kale. Kuperewera kwake n'kwakuti imationetsa bokosi koma siitionetsa njira imene bokosilo linayenda. Imalangiza amene akupita, koma amene atsala pamudzi siiwauza cocita munthu akafika wosweka. Mbali imeneyo yatsalira ife. Munthu akafika ndi bokosi lopepuka, kapena akagona ndi mwendo wothyoka, timpatse madzi ndi mpando, timfunse zimene zinamuonekera, ndipo tione cimene manja ake angathe kucita. Kuseka kuyembekeze.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu zitatu zimene woimba anacita bwino m'nyimboyi.
2. Chulani njira zitatu zimene bokosi la munthu lingapepukire iye osamwa mowa.
3. Munthu wathyoka mwendo pa 15 Novembala. Werengani masabata 12 pa kalendala. Adzaimirira mwezi uti? Ndi nchito ziti za kumunda zimene zidzampita?
4. Lembani m'kope mwanu mtengo wa ulendo wocoka kwanu kupita ku cipatala ndi kubwerera, wa anthu awiri. Onjezani cakudya ca masiku 7. Zonse pamodzi ndi zingati?
5. Kodi m'mudzi mwanu dima likalipo? Ngati linatha, linatha bwanji?
6. Amai atiuze nyimbo imodzi ya pamtondo yonena za mwamuna amene anapita kutali. Tiilembe pa bolodi.

Mau oti tilembe

bokosi, machona, cibalo, ngongole, dima, nsolo, kucira, umboni